Eni Dziko la Mikango Ndi Yaikazi

Nkhani yokambidwa kwa achinyamata ophunzira ntchito yotsogolera alendo m'malo osungira nyama zakutchire

 Mwandipempha kuti ndikambe za mikango, ndipo ndiyambira pa dandaulo limene mudzalimva kawirikawiri pa ntchito yanu.

Mlendo wachokera kutali, walipira ndalama zambiri, wadzuka mbandakucha, mwayenda naye m'tchire mpaka dzuwa layamba kuswa mtengo. Mikango ija mwaipeza. Yagona pansi pa mtengo wa mvunguti, ina chagada miyendo m'mwamba, ntchentche zikuitera kumaso koma yosalabada. Mlendo ajambula zithunzi, adikira pang'ono, kenako afunsa kuti, "Ndiye basi? Sichita kanthu?" Wotsogolera alendo wosadziwa ntchito amangoseka, n'kunena kuti mkango ndi nyama yaulesi, n'kuliza galimoto kukafuna njovu. Zoti mkango umapuma maola pafupifupi 20 pa tsiku ndi zoona. Koma pamthunzi paja pali nkhani yaitali kwa munthu wodziwa kuyang'ana. Yaikazi ilipo ingati? Wagona motsamira uti ndi uti? Ana ndi a msinkhu umodzi kapena osiyana? Yamphongo ili kuti, ndipo ilipo ingati? Mukayankha mafunso amenewa mwadziwa mbiri ya gululo ya zaka ziwiri zapitazo, ndipo mutha kulosera zimene zikuidikira.

Zambiri zimene tikudziwa za moyo wa mikango zinachokera ku Serengeti, m'dziko la Tanzania. George Schaller anayamba kuitsatira kumeneko mu 1966, ndipo mu 1972 anatulutsa buku lotchedwa The Serengeti Lion. Ena anapitiriza ntchitoyo, ndipo kuyambira mu 1978 inali m'manja mwa Craig Packer ndi Anne Pusey. Chimene chinawathandiza ndi kanthu kakang'ono kwambiri. M'mbali mwa kamwa ya mkango, pomwe pamamera ndevu zija, pali timadontho takuda tondandalikana m'mizere. Kandandalikidwe kake ndi kosiyana pa mkango uliwonse ndipo sikasintha mpaka imfa. Mukaphatikiza ndi kung'ambika kwa makutu ndi zipsera, mkango uliwonse umadziwika paokha. Motero akatswiriwa analemba kaundula wa mibadwo yambirimbiri: uyu anabadwa kwa uyu, anabereka angati, anafera kuti. Inunso khalani ndi kabuku ndi pensulo m'galimoto. Pakutha pa chaka chimodzi mudzakhala mukudziwa za mikango ya dera lanu zimene palibe buku lililonse lingakuuzeni.

Pa nyama zonse za mtundu wa mphaka, mkango wokha ndiye umakhala m'magulu okhazikika. Kambuku amayenda yekha, amadya yekha, amakumana ndi mnzake pa nthawi yokwerana basi. Gulu la mikango limamangidwa ndi yaikazi ya magazi amodzi: mayi, ana ake aakazi, abale ake, ana a abale ake. Kawirikawiri yaikazi yaikuluikulu imakhala itatu mpaka isanu ndi umodzi, ngakhale magulu ena amapitirira khumi. Yambiri imabadwira m'deralo, imaberekera momwemo, imaferanso momwemo. Yamphongo imachita kubwera kuchokera kwina, imakhala kanthawi, n'kuchotsedwa.

Ife Achewa sitivutika kumva zimenezi. Pamudzi pathu eni ake ndi mbumba. Mwamuna ndi mkamwini, ndipo akuluakulu anati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Nthano zathu zinaupatsa mkango wamphongo ufumu, koma kuona m'mene umakhalira, uli pa chikamwini, ndipo ku Serengeti chikamwini chake sichipitirira zaka ziwiri kawirikawiri. Fanizoli lithere pomwepa, chifukwa mikango ilibe malume woyang'anira mbumba, komanso zimene mkamwini wa kutchireyu amachita akangofika pamudzi, zomwe ndinena patsogolopa, palibe mudzi wa anthu umene ungazilole.

Musayembekezere kuliona gulu lonse pamalo amodzi. Lero mupeza iwiri kudambo, itatu kumtsinje, wina uli wokha kuthengo ndi ana ongobadwa kumene. Mawa yasinthana. Chimene chimaonetsa kuti ndi ya gulu limodzi ndi moni wake. Ikakumana imakhudzana mitu, imapakana masaya, imanyambitana m'khosi, wina n'kudzigwetsa pa unzake. Waukazi wachilendo sulandira moni wotere; umathamangitsidwa, mwinanso kuphedwa. Chinanso chodabwitsa n'chakuti pakati pa yaikaziyi palibe mfumukazi. Kwa afisi kuli maudindo otsatana, mwana amatengera udindo wa mayi wake. Kwa mimbulu nthawi zambiri amabereka ndi wamkazi mmodzi wolamulira, ena onse n'kumalera ana ake. Kwa mikango waukazi uliwonse umabereka, ndipo kaundula wa ku Serengeti anaonetsa kuti palibe umene umaletsa unzake kukhala ndi ana. Chifukwa chake si chikondi chokha ayi. Uliwonse uli ndi mano ndi zikhadabo zoti zitha kupundula unzake, ndiye kulimbirana udindo kungavulaze mbali zonse ziwiri.

Tsono funso lenileni la lero ndi ili: imakhaliranji pamodzi? Mukafunsa munthu aliyense adzati n'chifukwa cha ulenje, kuti ikhoze kugwira nyama zazikulu. Yankho limeneli limamveka bwino, ndipo kwa zaka zambiri akatswiri ankakhulupirira zomwezo. Koma tiwerengere limodzi. Schaller anapeza kuti mkango wosaka wokha umapha pafupifupi kamodzi pa maulendo asanu ndi limodzi, pamene yosaka pagulu imapha pafupifupi kamodzi pa maulendo atatu. Mwayi wawirikiza kawiri, inde. Nanga ngati pakamwa podya pali pasanu ndi pamodzi? Nyumbu imodzi yogawana mikango isanu ndi umodzi, yamphongo n'kubweranso kudzalanda, siikhutitsa monga m'mene njiri imodzi ikhutitsira waukazi wosaka wokha. Mu 1990 Packer, Pusey ndi David Scheel anasindikiza zimene anapeza atayeza mimba za mikango kwa nthawi yaitali: waukazi wokhala wokha sudya mochepera kuposa wa pagulu.

Komanso mukadzaonerera ulenje, muyang'anitsitse. Nyama ikakhala yosavuta, monga njiri kapena mwana wa nyumbu, nthawi zambiri umodzi ndi umene umanyamuka, inzake ili phee kuonerera, n'kudzathamangira pa kudya. Mgwirizano weniweni umaoneka pa nyama yovuta, monga njati kapena mbidzi. Ku Etosha, m'dziko la Namibia, komwe kuli chigwa choyera chopanda pobisala, Philip Stander anaona yaikazi ikugawana malo, ina ikuzungulira m'mbali kukaiwinga nyama, ina ikubisala pakati kuidikira, ndipo waukazi uliwonse unkakonda kubwerera pa malo ake omwewo usiku ndi usiku. Ku Savuti, ku Botswana, gulu lalikulu linaphunzira kugwetsa njovu zazing'ono m'chilimwe. Choncho mikango imatha kugwirizana pa ulenje pamene pafunika kutero, koma chakudya chokha sichikwanira kutiuza chifukwa chake imakhala limodzi chaka chonse, ngakhale pa nthawi imene kukhala limodziko kukuigoneka ndi njala.

Pano ndipatukeko pang'ono kuikira kumbuyo wamphongo, chifukwa amaunena kwambiri kuti umangodya thukuta la akazi. M'zigwa zoyera za Serengeti n'zoona kuti susaka kawirikawiri. Ndi wolemera, makilogalamu pafupifupi 190 pamene waukazi uli ndi pafupifupi 125, ndipo manyenje ake, ubweya wambiri wa m'khosi uja, amauonetsera patali. Koma ku Kruger, ku South Africa, komwe kuli zitsamba zowirira, ofufuza anapeza kuti yamphongo imadzisakira yokha nyama yambiri, makamaka njati, pochita kulalira. Zimangochitika usiku ndi m'malo amene galimoto sifika. Za afisi nazonso nthano zinatinamiza. Hans Kruuk atawatsatira usiku ku Ngorongoro m'zaka za m'ma 1960, anapeza kuti kumeneko afisi ndiwo ankapha, mikango n'kumabwera kudzalanda. Mlendo wofika m'mawa, kupeza mkango ukudya afisi atakhala pambali, amaweruza mlandu mokhotakhota.

Ngati si chakudya, ndiye n'chiyani? Ndi malo. Anna Mosser anatenga kaundula wa zaka pafupifupi 40 n'kumuika pa mapu a Serengeti, kufuna kuona kuti ndi malo ati amene yaikazi imalera ana ambiri mpaka kukula. Anapeza kuti ndi pokumana mitsinje. Pamalo potero madzi amakhalitsa m'chilimwe, pali mthunzi, pali pobisa ana, ndipo nyama zobwera kudzamwa zimapanikizika pakati pa mitsinje iwiri. Malo oterewa ndi ochepa, ndipo amene amawatenga ndi magulu akuluakulu. Gulu laling'ono limakankhidwira kuchigwa chouma, komwe ana amafa chaka ndi chaka mpaka mtundu wake kutha. Waukazi wokha ungathe kudzidyetsa, koma sungathe kusunga dziko. Mdani wamkulu wa mkango, tikachotsapo munthu, ndi mkango unzake wa tsidya lina la malire. Inu amene mudzagwire ntchito ku Luangwa kapena m'mbali mwa Shire, yang'anani kuti ndi gulu liti lagwira gombe ndi madambo osaphwa, ndipo ndi liti likuzungulira kumtunda. Mudzaona nokha kuti ana ambiri ali kuti.

Kubangula kuja, komwe usiku wabata kumamveka pa mtunda wa makilomita 8, ndi mbali ya nkhondo yomweyi. Kumayamba ndi kubuula, kumakwera mpaka pachimake, n'kutsika ndi timawu tifupitifupi ta pakhosi. Yamphongo ndi yaikazi yomwe imabangula. Mu 1994 Karen McComb ndi anzake anafalitsa zotsatira za kafukufuku amene ine ndimamukonda kuposa onse. Ankabisa chimkuzamawu m'tchire madzulo, n'kuliza mawu ojambulidwa a mkango waukazi wachilendo, nthawi zina umodzi, nthawi zina itatu ikubangulira limodzi. Waukazi ukakhala wokha n'kumva mlendo mmodzi, kawirikawiri sunkapitako. Ikakhala itatu n'kumva mlendo mmodzi, inkanyamuka pafupifupi nthawi zonse. Ikamva alendo atatu, inkayamba yayang'anana, n'kuyenda mochenjera, ndipo ikakhala yochepa inkabangula kuitana abale ake amene ali kwina. Kunena kwina, mkango umawerenga. Umawerenga mawu a adani, n'kuwerenga abale amene uli nawo, n'kuona ngati nkhondoyo ndi yopambanika.

Robert Heinsohn ndi Packer atabwereza zoyesazi anaonanso china. M'gulu lililonse muli yaikazi imene nthawi zonse imatsogola kupita kwa mdani, ndi ina imene nthawi zonse imatsalira m'mbuyo. Ina imafika kutsogolo pokhapokha zinthu zikavuta, ina ndiye imatsaliratu pamene zavuta. Wotsogolayo umadziwa bwino khalidwe la unzake, chifukwa ukamayenda ndi wamantha umaima pafupipafupi n'kucheuka. Koma suulanga, suuthamangitsa, umapitirira ndithu. Ndimaona kuti apa m'pamene tiyenera kusamala ndi chizolowezi chathu chosandutsa nyama kukhala aphunzitsi a makhalidwe abwino. Gulu la mikango lili ndi olimba mtima ndi odyera anzawo masuku pamutu, ndipo limayendabe choncho, chifukwa kutaya dziko n'koopsa kuposa kupirira m'bale waulesi.

Tsopano tibwere kwa yamphongo. Mwana wamphongo akafika zaka ziwiri mpaka zinayi amachoka, kaya mothamangitsidwa kaya mwa yekha. Apa m'pamene yambiri imafera. Imayenda m'malire a maiko a eni, kudya zotola, kuthawa nkhondo, ndipo ofufuza anapeza kuti pa nthawi imeneyi siibangula n'komwe, kuopa kudziulula. Mwayi wake uli pa anzake oyenda nawo. Abale obadwa nyengo imodzi amachoka limodzi, ndipo wopanda m'bale umafuna unzake wosungulumwa n'kupalana nawo ubwenzi. Kuyeza magazi kunaonetsa kuti yamphongo ikakhala iwiri kapena itatu, nthawi zambiri pamakhala wina wosakhala m'bale, koma ikafika inayi kapena kuposa, imakhala ya magazi amodzi. Chifukwa chake n'chakuti pa gulu lalikulu ina siipeza mwayi wobereka, ndipo kuthandiza mlendo kubereka iwe osapindula kanthu n'kutaya moyo pachabe, pamene kuthandiza m'bale n'kupititsa patsogolo magazi ako omwe. Gulu lotchuka la yamphongo isanu ndi umodzi ya ku Sabi Sand ku South Africa, imene anthu ankaitcha Mapogo, linalanda dera lalikulu kuyambira cha m'ma 2006 chifukwa cha kuchuluka komweku.

Ikagonjetsa eni gulu, chinthu choyamba imapha ana onse oyamwa amene yawapeza, ndi kuthamangitsa okulirapo. Alendo anu ena adzalira akadzaona zimenezi, ndipo musadzawaseke. Koma mudzawafotokozere. Waukazi umakhala ndi bere masiku pafupifupi 110, ndipo ana akakhala moyo subwereranso kwa wamphongo mpaka anawo atafika chaka ndi theka. Pakati pa ana ndi ana pamapita zaka ziwiri. Wamphongo watsopanoyo nthawi yake yonse pagulupo ndi zaka ziwiri zomwezo. Ukati udikire kuti ana a unzake akule, udzachotsedwa usanaone mwana wakewake. Ana akafa, mayi amakhala wokonzeka kukweredwa pakangopita masiku kapena milungu yochepa. Ku Serengeti, pa ana amene amafa asanathe chaka, pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse amafa imfa imeneyi.

Yaikazi siingoonerera. Imamenya nkhondo, ina mpaka kufa, ndipo ina imathawa ndi ana okulirapo kukakhala kumalire. Waukazi umaberekera kobisika, mwana mmodzi mpaka anayi, n'kuwasunga kumeneko milungu pafupifupi isanu ndi umodzi usanawabweretse kwa inzake. Akafika, amayi onse a ana a msinkhu umodzi amawaphatikiza n'kumayenda limodzi osasiyana. Mudzaona mwana akuyamwa kwa mayi amene si wake, ndipo mabuku akale ankati uku n'kulerana mwachifundo. Pusey atayang'anitsitsa anapeza kuti mayi aliyense amayesetsa kusungira mkaka ana ake. Ana a eni amachita kuba iye atatopa n'kugona, ngakhale kuti wa mwana mmodzi, kapena amene ana enawo ndi a m'bale wake weniweni, amalekerera kwambiri. Phindu lenileni la kuphatikiza ana ndi chitetezo. Mayi mmodzi sangaime pamaso pa wamphongo, koma amayi awiri kapena atatu amatha kuubweza. Palinso china chimene thupi la waukazi limachita. Yamphongo yatsopano ikangolanda gulu, yaikazi imakweredwa kwambiri koma osatenga bere kwa miyezi itatu kapena kuposerapo. Pa nthawi imeneyo, ngati pali yamphongo ina yamphamvu kuposa iyi, imakhala itafika n'kulanda, ndipo yaikazi imakhala isanataye mphamvu zake pa ana oti adzaphedwanso.

Choncho mukapeza gulu limene ana ake onse ndi a msinkhu umodzi, ganizirani kuti mwina panachitika kulanda, ndipo mutha kuwerengera m'mbuyo kuti kunachitika liti. Mukapeza ana a misinkhu yosiyanasiyana, ena oyamwa ena a chaka ndi theka, yamphongo ya pamenepo yakhalitsa, ndipo ntchito yake ikuigwira. Ntchito ya wamphongo ndi imeneyo: kuyendera malire usiku, kuthira mkodzo pa zitsamba, kubangula, ndi kuika thupi lake pakati pa ana ake ndi yamphongo ina. Yambiri siifika zaka 12, pamene yaikazi imatha kupitirira 15.

Za manyenje ndinene mwachidule. Peyton West ndi Packer anaika m'tchire zidole zazikulu ngati mikango yeniyeni, zina za manyenje akuda, zina ofiirira, zina aatali, zina aafupi. Zotsatira zake zinatuluka mu 2002. Yaikazi inkapita kwa chidole cha manyenje akuda, ndipo yamphongo inkaopa kuyandikira cha manyenje akuda kapena aatali. Manyenje akuda amasonyeza wamphongo wokhwima, wodya bwino, wochira msanga ukavulala. Koma amatenthetsa thupi, n'chifukwa chake kumalo otentha kwambiri monga Tsavo ku Kenya yamphongo yambiri ili ndi manyenje ochepa kapena ilibiretu. Musayese zaka za mkango poona manyenje okha. Onaninso mphuno, imene imayamba yofiirira n'kumada ndi zaka, ndiponso mano ndi zipsera za kumaso.

Mukamvetsa za kulanda gulu, mumvetsanso chifukwa chake imfa ya wamphongo mmodzi siithera pa iye yekha. Mlenje wolipira akawombera wamphongo wa pagulu, kapena ukakodwa m'khwekhwe la waya limene munthu anatchera nswala, unzake wotsala sungathe kuteteza malire. Yachilendo imalowa, ana amaphedwa. Zikamachitika pafupipafupi, palibe mbadwo umene umakula. Dziko la Zambia linaimitsa ulenje wa mikango mu 2013 n'kudzautsegulanso mu 2016. Thandiwe Mweetwa, katswiri wa mikango amene anakulira ku Mfuwe, pamodzi ndi anzake a bungwe la Zambian Carnivore Programme, anatsatira mikango ya ku South Luangwa zaka zimenezo zisanafike ndi m'kati mwake. Anapeza kuti ulenje utaima yamphongo yambiri inakhala ndi moyo ndipo ana ochuluka analeredwa. N'chifukwa chake maiko ena amene amalola ulenjewu anaika lamulo lakuti wamphongo wophedwa ukhale wa zaka 6 kapena kuposa, kuti ukhale utalerako kale mbadwo umodzi. Kunena zoona, lamuloli ndi labwino papepala. Kuthengo limadalira maso ndi chilungamo cha munthu amene walandira kale ndalama za mlenjeyo.

Ndisakusiyeni ndi chithunzi chakuti mkango ndi nyama yongoonerera pa galimoto. Ambiri mwa inu mukuchokera m'midzi yoyandikana ndi nkhalango, ndipo mukudziwa chimene chimachitika mkango ukalowa m'khola. M'dziko la Tanzania, makamaka m'maboma a kumwera monga Rufiji ndi Lindi, mikango inapha anthu oposa 500 pakati pa 1990 ndi 2005. Ofufuza anapeza kuti nyama zakutchire zinali zitachepa m'maderawo, mikango n'kuyamba kutsata nguluwe m'minda, komwe inkapeza alimi atagona m'zilindo kulondera mbewu. Anapezanso kuti ngozi zinkachuluka pa masiku otsatira mwezi wathunthu, pamene madzulo kumakhala mdima anthu akadali panja, mikango ili ndi njala chifukwa kuwala kwa mwezi kunaisokoneza ulenje. Ku Mfuwe, mu 1991, wamphongo wopanda manyenje unapha anthu osachepera asanu ndi mmodzi usanawomberedwe, ndipo chikopa chake chili ku Field Museum ku Chicago, pamodzi ndi mikango iwiri yodya anthu ya ku Tsavo ya mu 1898. Mlendo akadzayamba kunyoza anthu akumudzi kuti ndi ankhanza pa nyama, mudzamuuze mwaulemu kuti iye usiku agona m'nyumba yokhala ndi mlonda.

Pa galimoto, mikango yozolowera imakuonani inu ndi galimoto ngati chinthu chimodzi chosadyeka. Munthu akaimirira kapena kutulutsa thupi, chinthucho chasweka. Mchira ukayamba kukwapula pansi, makutu atagona m'mbuyo, mwayandikira kwambiri. Musaike galimoto pakati pa mayi ndi ana, ndipo pa ulendo wausiku musawalitse nyali pa nswala imene ikusakidwa kapena pa mkango umene ukunyang'ama, chifukwa mukatero mwalowerera mlandu wa eni. Ndipo chizolowezi choitanizana pa wailesi mpaka magalimoto khumi azinga waukazi wa ana ang'onoang'ono, ine ndimachida. Mayi wotere amasamutsa ana masana, ndipo afisi amaona.

Kuti mkango sunalengedwe kukhala wokha, chitsanzo chake chili kumadzulo kwa Zambia. Ku Liuwa Plain, kupha nyama mozembera kutatha mikango ina yonse, kunatsala waukazi umodzi umene anthu anautcha Lady Liuwa. Unakhala zaka zambiri wopanda unzake. Unkadzisakira bwinobwino, sunafe ndi njala, zomwe zikugwirizana ndi zimene tanena zija. Koma unayamba kutsatira anthu ojambula kanema, kugona pafupi ndi msasa wawo, kudzigubuduza pafupi ndi galimoto monga ichitira mikango popatsana moni. Bungwe la African Parks linabweretsa yamphongo mu 2009 ndi yaikazi yaing'ono mu 2011. Lady Liuwa sunabereke, koma unagwirizana ndi umodzi mwa yaikaziyo n'kuthandiza kulera ana ake, mpaka unafa ndi ukalamba mu 2017.

Kuno ku Malawi mikango inali itatha ku Majete ndi ku Liwonde. Inabwezeretsedwa ku Majete mu 2012 kuchokera ku South Africa, ndipo mu 2018 inafikanso ku Liwonde, ina kuchokera ku Majete, ina ku South Africa. Ndi nkhani yosangalatsa, makamaka tikakumbukira kuti mu Africa monse mwatsala mikango yakutchire yongopitirira pang'ono 20,000. Koma malo awiriwa ndi otchingidwa ndi waya wamagetsi. Majete ndi pafupifupi masikweya kilomita 700, Liwonde ndi ocheperapo, pamene gulu limodzi la mikango, kumalo a nyama zochepa, limatha kufuna masikweya kilomita mazana angapo. Wayayo amateteza midzi, ndipo popanda iye anthu sakanalola kuti mikango ibwerere. Komabe moyo wonse umene ndafotokozawu umadalira kuti ana aamuna achoke kupita kutali, ndipo achilendo alowe.

Zimene zimachitika njira imeneyi ikatsekeka zinaoneka ku Ngorongoro, chigwa chozingidwa ndi mapiri mbali zonse. Mu 1962 ntchentche zoluma zinabuka kumeneko n'kusiya mikango pafupifupi khumi yokha. Inachulukananso, koma patapita zaka zochepa yamphongo yachilendo inaleka kulowa, chifukwa ya m'chigwamo inali yamphamvu ndi yodya bwino, yotha kubweza mlendo aliyense. Abale anayamba kuberekana okhaokha, ndipo ofufuza atayeza anapeza kuti umuna wa yamphongo ya kumeneko unali ndi zilema zambiri kuposa wa ya ku Serengeti. M'malo otchingidwa ndi waya, ulendo umene wamphongo ukanayenda ndi miyendo yake umayendetsedwa ndi dokotala wa nyama, mfuti ya mankhwala ogonetsa, ndi galimoto kapena ndege. Oyang'anira amasinthanitsa yamphongo pakati pa nkhalango ndi nkhalango, ndipo kuti adziwe woti achotse ndi nthawi yake, ayenera kudziwa kuti uyu ndi mwana wa yani, wakwera yani, wathamangitsidwa liti. Makolala a wailesi amavekedwa pa mikango yowerengeka chabe. Ina yonseyo amaiona tsiku ndi tsiku ndinu. Mukadzapeza yamphongo ya zaka zitatu ikuyendayenda m'mbali mwa waya, yowonda, ya mabala atsopano kumsana ndi m'ntchafu, lembani malowo ndi timadontho ta ndevu zake, ndipo mukawauze oyang'anira tsiku lomwelo.